Mabatire osakaniza ndi amene akupha timatochi ta pamphumi

Chiyambireni mvula chaka chino, kulikonse kumene ndapita kukayendera makola ndi minda sikulephera kupezeka munthu wonditulutsira katochi ka pamphumi kakufa kuti ndimuonere. Ambiri agula timatochiti posachedwapa, atamva ife tomwe alangizi tikunena kuti ntchito ya usiku imafuna manja onse awiri. Mawu amenewo sindikuwabweza. Munthu woona ng'ombe ya bere pakati pa usiku, wokonza pampu kusanache, wotseka denga lodontha pamene pali matumba a mbewu, sangagwire tochi dzanja lina n'kumayembekeza kuti ntchito iyenda. Katochi kovala pamphumi ka LED, kutanthauza timababu tamakono ting'onoting'ono tija, n'kopepuka, kamawala kumene maso ayang'ana, ndipo kamadya moto wochepa kusiyana ndi matochi a babu akale aja.

Koma ndikatsegula chivundikiro cha mabatire, zimene ndimapeza n'zofanana paliponse. Ufa woyera uli mbuu pa sipuling'i, tizitsulo tija tabiriwira, ndipo mabatire atatu ali m'menemo ndi a mitundu itatu: lina latsopano, lina lochokera mu wailesi, lina lophwanyika pakati chifukwa munthu analiluma. Mwini wake amaumirira kuti anamugulitsa chinthu chabodza. Nthawi zina n'zoona, timatochi tosalimba tilipo. Koma ambiri mwa amene ndawaona chaka chino anapha okha katochi kawo, ndipo njira yake ndi imodzi: kuwala kukachepa, amachotsa batire limodzi, n'kuikapo latsopano, awiri akale aja n'kuwasiya momwemo.

Timatochi tambiri totere timalowa mabatire atatu ang'onoang'ono aja a AAA. Lililonse likakhala latsopano limapereka moto wa mavoti 1.5 (1.5V), ndipo atatuwo amalumikizana mondondozana kuti apereke 4.5V. Mondondozana, ndiye kuti moto wonse wopita ku LED umadutsa m'batire lililonse, lamphamvu ndi lofooka lomwe. Zili ngati kumanga ng'ombe yotopa pagoli limodzi ndi yamphamvu: yamphamvuyo siima, imangokoka mpaka inzakeyo itagwa n'kumakhwekhwerezeka. Batire lofooka limatha msanga, koma anzake aja amapitiriza kukankha moto kudzera mwa ilo, mpaka limayamba kulandira moto chobwerera. Pamenepo mkati mwake mumapangika mpweya, chotsekera cha kumapeto chimaphulika pang'ono, madzi ake n'kuyamba kutuluka.

Tochi ya babu yakale inkakuchenjezani. Mabatire akafooka kuwala kunkasanduka kofiirira, kenako zii, munthu n'kudziwa kuti basi. LED sichita choncho. LED yoyera imayaka ndi moto wa pafupifupi 3V, kutanthauza kuti mabatire awiri abwino akhoza kuiyatsabe pamene lachitatu linafa kale. Kuwala kumakhalabe koyera, kumangochepa pang'onopang'ono, ndipo diso la munthu mumdima limazolowera, silizindikira msanga ngakhale kuwala kutatsika ndi theka. Ndiye munthu amasangalala kuti katochi kake sikadya mabatire, pamene batire lina likuwolera mkati. Ngakhale maola amene amalembedwa pa bokosi muziwamvetsa bwino. Makampani otsatira muyezo woyezera matochi wa ANSI FL1, womwe unakhazikitsidwa mu 2009, amawerenga maola mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 peresenti ya mmene kunalili poyamba. Maola omalizawo si kuwala koti mungaonere nako chilonda pa phazi la mbuzi.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi chizolowezi choluma mabatire, kuwamenya ndi mwala, ndi kuwayanika padzuwa kuti "adzuke". Ndanena pamisonkhano, ndanena m'makola, koma anthu akuluakulu ndithu, oti amadziwa kuyeza mankhwala a ziweto mosaphonyetsa, akuikabe batire m'kamwa. Inde, limadzuka. Kutentha kumafulumizitsa mankhwala a mkati, ndipo kufinya kumasuntha otsalira aja kuti agwire ntchito kwa kanthawi. Mumapeza mphindi zowerengeka. Koma batire lotchipa la zinc-carbon chikopa chake chenichenicho ndi zinki amene amadyeka pamene batire likugwira ntchito, ndiye likamatha chimakhala chitapyapyala kale. Inu n'kuliluma. Kenako n'kulibwezera m'kabokosi kotsekeka, kokhala pamphumi potuluka thukuta, m'nyengo imene chinyezi chili ponseponse. Mukuyembekezera chiyani? Ndipo mawu akuti Heavy Duty olembedwa pa batire asakunamizeni. Amenewo ndi a m'gulu la zinki lomweli, si a alkaline (mtundu wina wa mabatire, wokhalitsako) ayi, ndipo kuwaphatikiza ndi a alkaline n'kusakaniza komwe ndikunenaku, ngakhale onse atakhala atsopano, chifukwa satha nthawi imodzi.

Bambo wina woweta ng'ombe za mkaka anandiimitsa ndikutuluka m'khola mwake, katochi kali m'manja.

"Alangizi, tinthu tanu timene munatiuza tija n'tachabe. Kandithimira ng'ombe ili mkati mobereka."

Anafotokoza kuti thole linabwera mwendo umodzi utapindikira m'mbuyo. Iye atapinda malaya, dzanja lili mkati kufunafuna chiboda, katochi kanayamba kuphethira, kenako mdima. Anakagogoda pa mtengo wa khola, kanayaka pang'ono, n'kuthimanso. Mayi a kunyumba kwake ndi amene anathamangira foni n'kumamuunikira, mvula ikuwomba cham'mbali, foniyo n'kunyowa. Thole linatuluka lamoyo, koma mochedwa, ndipo linavutika kuyamwa tsiku loyamba.

"Nanga mabatire munasintha liti, bambo?"

"Sabata yomweyo. Ndinaika latsopano."

"Limodzi?"

"Awiri enawo anali akadali bwino, alangizi. Ndinawayesa ndi lilime."

Titatsegula, sipuling'i imodzi inatsalira m'dzanja langa, itaduka pakhosi. Batire la pakati linali litamatirira, moti tinachita kulitokosa ndi kamtengo. Bamboyu si munthu wosasamala. Khola lake ndi laukhondo kuposa ambiri, ndipo buku lake la katemera silidumpha tsiku. Anangochita zimene ankachita ndi wailesi kuyambira ali mnyamata, pofuna kupulumutsa mabatire awiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi zimene anapulumutsazo. Batire latsopano lija silinagwire ntchito yake, chifukwa mphamvu yake inathera kukankha anzake akufa. Katochi kanawonongeka. Foni inalowa madzi. Thole likanatha kufa, mwinanso make yemwe, ndipo aliyense woweta akudziwa kuti ng'ombe ikavutika pobereka mkaka wa chaka chimenecho umayamba molakwika. Zonsezi pofuna kusunga mabatire awiri amene anali atatha kale.

Palinso china chimene anthu sachiganizira n'komwe. Madzi otuluka m'batire la alkaline ndi potassium hydroxide, mankhwala owotcha khungu, ndipo ufa woyera uja ndi omwewo atauma atakumana ndi mpweya. Tochi ya m'manja ikadontha imakuipitsani chikhatho. Iyi imakhala pamwamba penipeni pa maso. Timatochi tating'ono tambiri mabatire ake amakhala kutsogolo, kuseri kwa galasi. Mukutuluka thukuta, mvula ikukunyowetsani, madzi akutsika pamphumi kulowera m'nsidze. Kapena mwagwira ufa uja ndi chala potsegula, kenako mwatikita diso. Diso likapsa ndi mankhwala a mtundu umenewu limawonongeka msanga, ndipo nthawi zina silibwereranso. Ndaonanso ana akuvala timatochi ta makolo awo powerenga madzulo, timatochi tomwe tili ndi ufa m'kati. Zimenezi ndiye zisachitike.

Ena amati, "Ine ndimakathimitsa ndikamaliza, ndiye sikangadye batire." Timatochi tina tokhala ndi batani lodina losintha kuwala timakokabe moto pang'ono ngakhale titathima, chifukwa kachipangizo ka mkati kamakhala kakudikira kuti mudine. Mukakapachika pa msomali mwezi ndi mwezi, mabatire amatha mwakachetechete, ndipo batire lotheratu ndi limene limadontha. Komanso batani lotere limadinika lokha m'thumba kapena m'chikwama cha zida, katochi n'kuyaka tsiku lonse osaoneka.

Nanga kuyatsa mwamphamvu nthawi zonse n'kwa chiyani? Munthu akumanga chingwe chili m'manja mwake momwemu, koma wayatsa kuwala kofika kutsidya kwa munda, n'kumathobwa nako anzake m'maso akamalankhula nawo. Ntchito ya pafupi imakwana ndi kuwala kotsika, malumeni 30 kapena 50 (lumeni ndi muyezo wa kuwala), ndipo mabatire amakhalitsa kangapo konse. Kwamphamvuko sungirani pamene mwamva phokoso kunja kwa khola.

Zochita zake n'zosavuta. Kuwala kukachepa, chotsani onse atatu, ikani atatu atsopano a mtundu umodzi, ochokera m'paketi imodzi. Ochotsedwawo ngati mukuwamvera chisoni, athereni m'chipangizo china cholowa batire limodzi, osati kuwabwezera m'katochi. Sungani atatu ena pouma, osawasakaniza ndi misomali kapena makiyi, makamaka ngati muli ndi chiweto choyembekezera. Katochi kakakhala kosagwira ntchito kwa milungu ingapo, tulutsani mabatire. Kakanyowa, tsegulani chivundikiro kaume pamthunzi. Chizindikiro cha IPX4 chimatanthauza kuti kamapirira madzi owaza basi, si koviika m'ndowa. Mukapeza ufa woyera wa alkaline, valani magolovesi, pukutani ndi kansalu konyowetsa viniga pang'ono, palani tizitsulo ndi mswachi wakale, kaume bwinobwino musanaikemo ena. Mankhwalawo akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala osadikira kuti kuche. Mabatire akutha musawataye pamoto kapena pamene ana ndi ziweto angawapeze.

Amene muli ndi mabatire otchaja a NiMH, a 1.2V aja, lamulo ndi lomweli: atatu ake azitchajidwa limodzi ndi kugwira ntchito limodzi, osawaphatikiza ndi wamba. Ndipo ngati katochi kanu n'kotchaja pa USB, kawirikawiri mkati mwake mumakhala batire la lithium. Limenelo musaliyanike padzuwa, musalimenye, musaliboole, chifukwa limayaka moto. Likatupa, lekani kulitchaja tsiku lomwelo.