Kuyanika maapozi pamodzi ndi ana m'nyengo yoyoyoka masamba

Makolo anzanga amene muli ku Britain, Seputembala ndi Okutobala akafika mumaona nokha. Maapozi amangoti mbwee pansi pa mitengo, ena eni ake amachita kuwaika m'katoni pageti kuti wodutsa atole. Pa 21 Okutobala pali ngakhale tsiku lokondwerera maapozi, lomwe linayamba mu 1990 ku Covent Garden mumzinda wa London. Komabe zipatso zambiri zimaolera pansi. Ife amene tinakula tikuona amayi athu akufutsa nkhwani ndi chitambe kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe, zotere zimatiwawa mumtima. Nzeru ya mfutso ndi yomweyi: chotsani madzi, chakudya chikhalitsa. Ndipo apozi, pa magawo 100, pafupifupi 85 ndi madzi.

Yambani ndi kusankha, ndipo ntchito imeneyi apatseni ana. Apozi wobooledwa ndi mbozi, wofewa mbali imodzi kapena wochita chuku asalowe nawo. Wongotunduzika pang'ono pogwa mukhoza kudula potunduzikapo n'kugwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Otsekemera monga Cox, Gala ndi Braeburn ndiwo amakoma akauma. Bramley, wowawasa uja amene amaphikira, muikeni padera. Ali ndi ntchito yake. Ana asambe m'manja ndi sopo, kenako atsuke zipatsozo m'madzi oyera.

Mpeni ndi wa munthu wamkulu. Chotsani pakati pamene pali njere, khungu mulisiye ngati mukufuna, ndipo dulani timagawo tozungulira tokhuthala mamilimita 3 mpaka 5. Apa ndipo pagona nkhani. Mukadula tina topyapyala tina tonenepa, topyapyala tidzapserera pomwe tonenepa tikadali ndi madzi m'kati, ndipo kamodzi kosauma n'kokwanira kuwononga botolo lonse. Ine zinandionekerapo. Ndinathamangira kutsekera m'botolo poti kunja kunkaoneka kouma, patangotha milungu iwiri chuku chinali chitayanga, ndipo tinataya zonse ana akuona. Mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbukira nkhope zawo.

Apozi akangodulidwa amayamba kuda chifukwa chokhudzana ndi mpweya. Sakanizani kapu imodzi ya madzi a mandimu ndi kapu imodzi ya madzi, ana azivikamo timagawo kwa mphindi 10, kenako avuule n'kutipukuta ndi kansalu koyera. Siyani kagawo kamodzi kosaviika pambali kuti aone okha kusiyana kwake. Mafunso amene amatuluka pamenepo ngambiri, musawadule pakamwa.

Kumudzi tikanayala pathandala n'kuphimba ndi neti kuti ntchentche zisatere, dzuwa la Okutobala likanatha ntchito. Kuno dzuwa la mwezi womwewo n'lofooka ndipo mpweya ngwachinyezi, choncho musayese panja. Ana andanditse timagawo pawaya wa mu uvuni, tisasanjikizane. Wofuna awaze sinamoni pang'ono. Shuga safunika, popeza madzi akachoka kutsekemera kumachuluka kokha. Ikani uvuni pa madigiri 60 mpaka 70, ndipo chitseko muchisiye chotseguka pang'ono poikapo mthiko kuti nthunzi izituluka. Moto wambiri umaumitsa kunja msanga n'kutsekera madzi m'kati. Zimatenga maola 6 mpaka 8, nthawi zina kupitirira, ndipo muzitembenuza pakati. Kamwana kokwawa kasayandikire chitseko chotsegukacho.

Mudziwa bwanji kuti zauma? Tulutsani kagawo kamodzi kazizire, mukapinde, kenako mukang'ambe. Kazipindika ngati chikopa chofewa, ndipo mukakafinya pong'ambikapo pasatuluke madzi ngakhale pang'ono. Zikazizira zonse, thirani m'botolo lagalasi louma bwino, osadzaza, n'kutseka. Kwa sabata yathunthu mwana mmodzi akhale kapitawo wa botolo: azilikhutchumula tsiku lililonse n'kuyang'ana ngati mwachita thukuta m'kati. Mukaona timadontho, bwezerani mu uvuni. Mukaona chuku, tayani zonse, musachite kusankhamo. Sabata ikatha popanda vuto, mwana alembe tsiku pabotolo ndipo muliike pamalo ozizira, amdima. Zouma bwino zimakhala miyezi ingapo.

Tibwerere kwa Bramley uja. Ameneyu akaphikidwa amasungunuka ngati phala. Muduleni, muphike ndi madzi ochepa mpaka afewe, mupote ndi mthiko, muthire shuga pang'ono ngati wawawasa kwambiri. Yalani phalalo mopyapyala papepala lophikira makeke, pakati pasanenepe kuposa m'mbali, n'kuumitsa pa moto womwe uja mpaka lisamamatirire chala. Likazizira limasendeka lonse ngati nsalu. Ana amakonda kulidula ndi sizasi n'kulikulunga timipukutu topita nato kusukulu.

Pa kadyedwe ndikupempheni kusamala. Zipatso zouma zili ndi shuga wambiri pakang'onong'ono ndipo zimakanirira m'mano. A zaumoyo ku Britain amalangiza magalamu pafupifupi 30 pa kudya kamodzi, komanso kuti zidyedwe pamodzi ndi chakudya, osati kumangotafuna tsiku lonse. Wazeni m'phala la m'mawa kapena muike m'kontena ya kusukulu pambali pa buledi. Kwa ana aang'ono kwambiri, amene sanayambe kutafuna bwino, musawapatse timagawo touma chifukwa angatsamwe; tiviikeni m'madzi otentha, tifewe, mutinyenye.

Abale amene muli ku Cape Town ndi madera ozungulira, nyengo yanu ndi ya Malichi mpaka Meyi, pamene maapozi a ku Elgin ndi ku Ceres achuluka pamsika. Njira yake ndi yomweyi, ndipo Granny Smith amauma bwino kwa amene amakonda kowawasa pang'ono.