Momwe mungakwezere liwiro la purosesa koyamba osaiwotcha

Mwezi wa Juni kuno ku Dedza kompyuta imanamiza anthu. Mmawa chifunga chakuta phiri, zala zikuuma ndi kuzizira, ukayatsa makina n'kuona purosesa ili yozizira bwino umangoti aaa iyi ndiikankhe ithamange. Ine ndinatero pa makina omwe ndimakonzera mavidiyo a maukwati, zonse zinali bho mpaka Okutobala atafika, makina anayamba kuzima okha kasitomala ali pambali panga akudikira fulashi yake. Manyazi ake musafunse.

Chomwe amati overclock ndi kuuza purosesa kuti izithamanga kuposa liwiro lomwe opanga anaiikira. Masamu ake si ovuta: pali base clock yomwe nthawi zambiri imakhala 100 MHz, kenako pali nambala ina yotchedwa ratio kapena multiplier, mukachulukitsa ziwirizi ndiye liwiro lake. Mwachitsanzo i5-2500K ya Intel yomwe inatuluka 2011 ratio yake ndi 33, ndiye 3.3 GHz, mukaikweza kufika 40 yakhala 4.0 GHz. Base clock ija isiyeni momwe ilili, ife timasewera ndi ratio basi.

Choyamba fufuzani ngati makina anu amalola n'komwe. Ikani kapulogalamu kaulere ka CPU-Z, kakuuzani dzina la purosesa ndi la bodi, motherboard yomwe purosesayo imakhalapo. Ngati ndi Intel pamafunika K kumapeto kwa dzina, komanso bodi yoyenera, pa 2500K ija ndi P67, Z68 kapena Z77. Ngati ndi AMD Ryzen zambiri n'zotsegula kale koma bodi ikhale ya B kapena X monga B450, ya A320 siilola. Makina a mu ofesi aja timagula a kaunjika, ma Dell OptiPlex ndi ma HP, BIOS yake, menyu ya bodi momwe timasinthira manambalawa, imakhala yokhoma, musataye nthawi, ndalamayo kuli bwino mugulire SSD kapena RAM.

Chachiwiri, musanakhudze nambala iliyonse tsegulani bokosi muchotse fumbi. Amene shopu yanu ili m'mbali mwa msewu pa boma kapena pa Lizulu mukudziwa zomwe ndikunena, fani imachita kumera ubweya. Chotsani kula (cooler, chozizitsira purosesa), pukutani thermal paste, phala lija lili pakati pa kula ndi purosesa, yakale yomwe inauma, muike yatsopano kadontho kamodzi ngati njere ya nandolo pakati, osati kupaka ngati majarini pa buledi. Kafani kakang'ono kobwera ndi purosesa m'bokosi sikafika patali, pezani kula yaikulu ya mapaipi a kopa. Power supply yopepuka ngati chitini yopanda dzina nayo ndi ngozi, ndipo poti magetsi athu amangothima osatsanzika, UPS, batire losunga makina oyaka magetsi akathima, ikhalepo ngati mungakwanitse. Mafayilo ofunika muwasunge kaye kwina.

Chachitatu, dziwani pomwe mukuyambira. Tsegulani HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi voteji, yendetsani Cinebench yoyesa mphamvu ya purosesa, mulembe papepala malikisi omwe yapereka, kutentha komwe yafika ndi voteji ya purosesa, ija amailemba Vcore. Popanda pepalali simudzadziwa ngati mwapindula kapena mwangowonjezera phokoso la fani.

Tsopano lowani mu BIOS. Yatsaninso makina, muzidina Del kapena F2 isanafike pa Windows. Sakani pomwe palembedwa CPU Ratio, ma bodi ena amaiika pansi pa OC, ena Ai Tweaker, ena M.I.T. Yambirani pa liwiro la turbo la purosesa yanuyo, lapamwamba lomwe imafika yokha, pa 2500K ndi 37, ndiye muzikwera ndi imodzi imodzi. Dinani F10 kuti zisungike, mulowe mu Windows, muyendetse Prime95 kapena OCCT, mapulogalamu opanikiza purosesa ndi ntchito, mphindi 15 maso ali pa kutentha. Zikayenda bwino bwererani muwonjezere imodzi ina. Zimatopetsa inde, kuyatsa kuzimitsa kuyatsa kuzimitsa, koma kuthamanga sikufika, amene amadumpha kuchoka 37 kupita 48 chifukwa anaona wina pa YouTube ndi omwewo amabwera atanyamula makina pa kabaza. Mapurosesa awiri a dzina limodzi safika pamodzi, ina imakwera kwambiri ina imakana msanga.

Penapake makina adzauma kapena kukuonetsani sikirini ya buluu. Musachite mantha, ndiye kuti purosesa ikufuna magetsi owonjezera pa liwiro limenelo. Apa pali njira ziwiri, kubwerera pa nambala yomwe inali kuyenda n'kusiyira pomwepo, zomwe ine ndimalangiza koyamba, kapena kukweza Vcore pang'ono kwambiri, 0.01 V nthawi imodzi, n'kuyesanso. Voteji ndi yomwe imapha purosesa, ndipo ikakwera pang'ono kutentha kumalumpha. Pa 2500K ine sindidutsa 1.35 V, mapurosesa ena malire ake ndi osiyana ndiye fufuzani a yanuyo. Vcore mukaisiya pa Auto bodi ina imadziwonjezera yokha mopitirira, choncho muziiona mu HWMonitor nthawi zonse.

Makina akakana kuyaka n'komwe, sikirini yakuda, zulani chingwe kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kali pa bodi, dikirani mphindi zisanu, mukabwezere. BIOS ibwerera momwe inabwerera ku fakitale, mungofunika kukonzanso tsiku ndi nthawi.

Mukapeza nambala yomwe mwakhutira nayo, iyeseni maola angapo, ndipo apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa. Osayesa usiku wa Julayi mphepo ikulowa pawindo. Yesani masana, mawindo otseka, bokosi lotsekanso momwe lizikhalira masiku onse. Ikamadutsa madigiri 85 pa mayeso mwapyola, tsitsani. Ngati mukuchita izi nyengo yozizira, ine ndingati isapitirire 75, chifukwa chipinda chomwecho cha malata mu Okutobala chidzakhala china, makamaka inu a kumunsi ngati ku Bwanje ndi Golomoti. Dziwaninso kuti ngati purosesa ndi yatsopano, overclock ikhoza kukuthetserani waranti.

Yanga ija ndinaitsitsa ratio kuchoka 45 kufika 43, ndinalemba manambala onse pakapepala n'kumata m'mbali mwa bokosi, kuti tsiku lomwe kabatire kadzathe ndisadzayambirenso kufufuza.