Kujambula filimu yoseketsa pakati pa maliro

Filimu ya ndalama zochepa imadalira nkhope za anthu, ndipo nkhope imanena zambiri pamene munthu waseka misozi ili m'masaya. Koma mukalakwitsa pang'ono, oonera amaona ngati mukunyoza ofedwa.

Polemba, yambani ndi kudzifunsa kuti ndani ali ndi chilolezo choseketsa. Pa maliro si aliyense. Adzukulu okumba manda amaloledwa, asuweni nawonso, ndipo ku Zambia Angoni ndi Abemba amaserewulana pa maliro popanda wokwiya. Nthabwala yoyamba ipatseni munthu wotere. Mukaiyika m'kamwa mwa namfedwa filimu itangoyamba, oonera amamuda ndipo sadzamumveranso chisoni. Nthabwalayo isakhudze malemu kapena matenda ake. Ikhudze amoyo: wolengeza chipepeso amene akukweza mawu pa K10,000 n'kumeza mawu pa K500, kapena malume amene wayamba kale kufunsa za njinga ya malemu bokosi lisanatuluke m'nyumba. Tsamba limodzi la script (nkhani ya filimu yolembedwa pa pepala) limatenga pafupifupi mphindi imodzi mu filimu, choncho pa masamba atatu nthabwala imodzi kapena ziwiri zakwana.

Ntchito yeniyeni ili pa kamera. Choseketsa chijambuleni patali, anthu atatu kapena anayi aoneke pamodzi, chifukwa chimene chimaseketsa ndi nkhope za omvera, osati wolankhulayo. Kenako yandikirani nkhope ya namfedwa. Nayenso aseke pang'ono. Musadule apa! Isiyeni kamera masekondi 8 mpaka 10, kuseka kuzilale pankhope, maso abwerere pa chitseko cha siwa. Ambiri amadula nthabwala ikangotha, n'kutsala ndi sewero loseketsa chabe. Muuzeni wosewerayo asasiye kusewera mpaka atamva mawu anu.

Nyimbo ya piyano yachisoni musaikepo pamenepa. Imauza anthu nthawi yolira ndipo iwo amakana. Jambulani phokoso la pamalopo kwa mphindi imodzi aliyense ali chete: moto ukuthetheka, kwaya ikuimba chapatali, nkhuku. Limeneli ndilo mudzalumikizire zidutswa pokonza pa kompyuta. Maikolofoni yaing'ono yobisa pansi pa chitenje imakhulana ndi nsalu, choncho imateni ndi tepi ndipo mvetserani ndi mahedifoni musanayambe.

Osewera ena anafedwapo posachedwa. Afunseni za izi paokha masiku angapo musanajambule, osati pagulu. Gawo lolira musalibwereze koposa katatu kapena kanayi; kupitirira apo misozi imauma ndipo munthu amapita kwawo atasweka mtima. Lijambuleni m'mawa, choseketsa chibwere masana, ndipo amene akufuna kupuma apume.

Kumanda enieni musalowe popanda chilolezo cha amfumu, makamaka m'midzi ya Gule Wamkulu. Chapafupi n'kuunda mtumbira m'munda mwa munthu amene wavomera, n'kuusalaza mukamaliza. Auzeninso anthu oyandikana nawo kuti kulira kumene amve ndi kwa sewero, apo ayi afika ndi ufa ndi nkhuni.

Mukamaliza kukonza, onetsani anthu 10 kapena 15 amene sadziwa nkhaniyo, inu mukhale kumbuyo ndi pepala. Lembani pomwe aseka ndi pomwe akhala zii. Akaseka pamene namfedwa akulira, ndiye kuti nthabwala yayandikana kwambiri ndi misozi. Onjezerani masekondi angapo a chete pakati pake n'kuonetsanso gulu lina.