Kukapumitsa thupi kugombe: mmene mungakonzere ulendo wa spa kuchokera ku Lusaka

Munthu wa mu Lusaka akamafika kunyanja yamchere amakhala atayenda mtunda wautali, ndalama za chilimba zitalowa kale m'matikiti, masiku a tchuthi atatsala anayi kapena asanu. Ndiye amafuna zonse zichitike tsiku limodzi: m'mawa kugona padzuwa, masana kukhulidwa thupi ndi mchere, madzulo sauna (chipinda chotentha chotulutsa thukuta), usiku mowa. Kukacha khungu likuwotcha, mutu ukugunda, masiku otsalawo n'kuthera m'chipinda. Mavuto ambiri a ulendo wotere amabwera chifukwa chosemphanitsa zinthu, choyenera kutsirizira n'kukhala choyambira.

Kumene mukupita, ndi mwezi wake

Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania, ndiye malo amene ambiri a kuno amasankha, ndipo ma spa ake, malo otikita ndi kusamalira thupi, ndi ambiri. Mvula yaikulu kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Mitengo ya mahotela imatsika, koma ena amatseka. Kuyambira Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma ndi kozizirirako, ndipo nyengo imeneyi ndi yomwe timalimbikitsa kwa munthu wozolowera mphepo ya pamtunda ngati ya Lusaka, mzinda wokwera mamita oposa 1,200. Disembala mpaka Febuluwale kumatentha ndi chinyontho, thukuta osauma pathupi. Magombe a Mozambique monga Vilanculos ndi Tofo nawonso amakoma m'chisanu. Pakati pa Novembala ndi Epulo ndi nyengo ya namondwe, monga Idai amene anasakaza Beira mu Malichi 2019.

Sitima ya TAZARA imanyamuka ku Kapiri Mposhi n'kuyenda makilomita 1,860 kukafika ku Dar es Salaam. Muwerengere mausiku awiri m'njira, ndipo kuchedwa si kwachilendo, choncho musalipiriretu masaji a tsiku lomwe mukuyembekeza kufika. Kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Zanzibar boti lothamanga limatenga maola pafupifupi awiri. Tikiti mugule pa ofesi yeniyeni, osati kwa anyamata oitanira panja, ndipo pasipoti ikhale pafupi chifukwa amaionanso potsika. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 mlendo aliyense amagula inshulansi ya Zanzibar Insurance Corporation, yomwe inayamba pa $44 munthu wamkulu, ngakhale ali ndi inshulansi ina.

Nthawi nayo imasokoneza. Tanzania ili patsogolo pa Zambia ndi ola limodzi, ndipo m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa: akati saa nne asubuhi akunena 10 koloko m'mawa. Apempheni akulembereni nthawi ya masaji m'manambala.

Chimene zithunzi za mahotela sizionetsa ndi kuphwa kwa madzi. Kugombe la kum'mawa kwa Zanzibar, ku Paje ndi ku Jambiani, nyanja imabwerera kutali kawiri pa tsiku, n'kusiya mchenga wonyowa ndi minda ya ndere za m'nyanja zimene amayi a kumeneko amalima pazingwe zomangidwa kuzikhomo. Nthawi ya kuphwaku imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo madzi amapita kutali kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima. Wofuna kusambira nthawi iliyonse asankhe Nungwi kapena Kendwa kumpoto. Wofuna bata apite kum'mawa, apemphe tebulo la mafunde pahotela, n'kuika masaji ake pa maola amene madzi aphwa.

Zofunsa musanalipire

Funsani ngati mphindi 60 zolembedwazo ndi za pabedi zokha, kapena akuwerengera ndi kuvula ndi kusamba. Funsani ngati mtengo uli ndi msonkho kale. Nenani msanga ngati mukufuna kutikitidwa ndi mayi kapena bambo. Palibe chamanyazi pamenepo, ndipo spa yodziwa ntchito imafunsa yokha. Akalemba kuti ali ndi thalassotherapy, tanthauzo lake n'lakuti amagwiritsa ntchito madzi enieni a m'nyanja, otenthetsedwa kufika pafupi ndi kutentha kwa thupi, pamodzi ndi ndere ndi matope. Dziwe la madzi a pampope othiridwa mchere si lomwelo, ndipo silifunika mtengo umenewo.

Malo abwino amakupatsani fomu yofunsa za BP, shuga, mtima, pathupi, opaleshoni ndi mankhwala amene mukumwa. Ngati sanakufunseni kanthu, nenani nokha. Kenako yang'anani ndi maso anu: nsalu yapabedi ayale yatsopano inu mukuona, mataulo asanunkhe chinyontho, madzi a mu jacuzzi, kadziwe ka madzi ofunda, aoneke mpaka pansi. Madzi ofunda osasamalidwa amasunga tizilombo toyambitsa zidzolo zoyabwa zimene zimatuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri, makamaka pomwe panali chovala chosambira.

Dongosolo la masiku

Tsiku lofika ndi lomwa madzi, kuyenda pang'ono pamchenga dzuwa litapendeka, ndi kugona msanga. Masaji ozama a miyendo asachitike tsiku limeneli. Munthu amene wakhala maola ambiri m'basi ya ku Nakonde, m'sitima kapena m'ndege akhoza kukhala ndi magazi oundana mumtsempha wa m'katumba. Mwendo umodzi ukatupa, n'kumapweteka ndi kutentha kuposa unzake, usakhudzidwe. Pitani kuchipatala, chifukwa kuufinya kungasunthe magazi oundanawo mpaka kumapapo.

Tsiku lachiwiri ndi la masaji opepuka. Idyani pang'ono ola limodzi kapena awiri musanalowe, ndipo fikani kutatsala mphindi 15. Thaulo limaphimba thupi lonse, wotikita amangovundukula mbali yomwe akugwira. Kabudula wamkati mukhoza kukhala naye. Kupweteka kokoma kwa mnofu womangika n'kosiyana ndi kupweteka kolasa kapena dzanzi lotsika m'dzanja. Izi zikamveka nenani pomwepo, musapirire poopa kuoneka wovuta. Masaji ozama aikeni tsiku lachitatu, pozindikira kuti minofu imawawa tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake, ndiye asakhale a tsiku loti mawa mukwera basi.

Mafuta nawo muwafunse. Amene mtedza umawawenga apewe mafuta a almond, apemphe a kokonati. Mafuta onunkhira amphamvu amasungunulidwa, madontho osaposa 12 mu mamililita 30 a mafuta wamba, ndipo a karafuu, zonunkhira zimene Zanzibar imatchuka nazo, amafunika ochepa kuposa pamenepo chifukwa amawotcha. A mandimu ndi a bergamot akakumana ndi dzuwa amasiya mabala akuda otenga miyezi kuti azimirire. Mukadzozedwa amenewa musakhale padzuwa kwa maola 12.

Kukhula thupi, komwe pamndandanda amalemba scrub, ndi kumene ambiri amapsera. Kumachotsa khungu lakufa lapamwamba, lomwe limatchinjirizako dzuwa. Choncho chitani madzulo, mawa lake mukhale pamthunzi, kapena kusiyireni tsiku lomaliza. Musamete miyendo kapena m'khwapa tsiku lomwelo, mchere ungalowe m'timabala. Pakhungu lopsa kale ndi dzuwa pasakhulidwe n'komwe. Mukapeza singo, musaiphonye: ndi zokhulira zimene akwatibwi a Chiswahili amakonzedwa nazo ukwati usanachitike, zosinjidwa kuchokera ku maluwa ouma monga jasmine ndi ylang-ylang, karafuu ndi mtengo wonunkhira wa liwa, n'kukandidwa ndi madzi a maluwa. Ndi yofewa kuposa mchere, ndipo fungo lake limatsalira pachitenje.

Kutentha kuli ndi malire ake

Sauna youma imakhala pa madigiri 80 mpaka 100. Woyamba kumene akhale pabenchi lapansi mphindi 5 mpaka 10, ndipo ngakhale wozolowera asapitirire 15. Chipinda cha nthunzi chili pa madigiri 40 mpaka 45, koma musanyengeke ndi nambala yaing'onoyo: thukuta siliuma mmenemo, ndiye thupi silizizira. Ndi monga kufukiza kwa kumudzi mutafunda bulangete, kumene agogo samalola munthu kukhalitsa. Jacuzzi isapose madigiri 40, mphindi 15. Mukatuluka khalani pansi kaye, imwani makapu awiri a madzi, mupume mphindi 10 kapena 15 musanabwerere.

Kutentha kumafutukula mitsempha, magazi n'kutsika mphamvu. Wakumwa mankhwala a BP, makamaka okodzetsa, akadzuka mwadzidzidzi amachita chizungulire n'kugwa pamatailosi onyowa. Mowa umawonjezera zomwezo, ndiye usakumane ndi sauna tsiku limodzi. Amayi oyembekezera asalowe mu sauna kapena jacuzzi. Wodwala mtima afunse dokotala wake asananyamuke ku Lusaka. Wodwala shuga amene mapazi ake anachita dzanzi ayese madzi ndi chigongono, ndipo akane miyala yotentha kumapazi.

Khungu lathu ndi dzuwa la kugombe

Khungu lakuda limapsa nalonso, kungoti kufiira sikuoneka; mumadziwira kuwawa posamba ndi kusupuka patapita masiku. Gulani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa muli konkuno, chifukwa m'mashopu a mahotela ndi okwera mtengo. Thupi lonse la munthu wamkulu limafuna mamililita 30, masipuni aakulu awiri, ndipo mudzolenso maola awiri aliwonse komanso mukatuluka m'madzi.

Nkhani iyi tiinene poyera. Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu, aja okhala ndi hydroquinone kapena ma steroid, khungu lawo limakhala lopyapyala. Likakhulidwa ndi mchere limang'ambika, likakumana ndi dzuwa limada zigamba m'masaya. Muuzeni wa spa zimene mumadzola, ndipo musankhe masaji okha. Pewaninso henna wakuda wojambulidwa pagombe, amene kumeneko amati piko. Nthawi zambiri amakhala ndi PPD, mankhwala a mu utoto wa tsitsi, ndipo amatha kutulutsa matuza otsatira chojambulacho. Henna weniweni amasiya mtundu wofiirira.

Masaji a amayi a pagombe ndi otsika mtengo ndipo ena ali ndi manja aluso. Gwirizanani mtengo musanagone, yalani chitenje chanu pamthunzi, ndipo tsukani mchenga kaye, chifukwa mchenga ukasakanikirana ndi mafuta umakanda. Poyenda madzi ataphwa valani nsapato za m'madzi, pali tizilombo taminga tobisala m'miyala. Polowa m'midzi ndi mu Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar, phimbani mapewa ndi mawondo, makamaka m'mwezi wa Ramadan.

Thumba likachepa, nyanja ya Malawi ili pafupi: msewu wa Great East mpaka Chipata, kuwoloka pa Mwami, kenako Lilongwe ndi Senga Bay ku Salima. Madzi ake alibe mchere, choncho muli likodzo, makamaka m'malo osaya a bango momwe mumakhala nkhono. M'nyanja yamchere likodzo mulibe. Mukasambira m'nyanja ya Malawi kayezetseni pakatha miyezi iwiri kapena itatu ngakhale musakumva kanthu. Praziquantel, mankhwala a likodzo, womwa tsiku lotuluka m'madzi sathandiza, chifukwa amapha nyongolotsi zikakula.

Za malungo musazitaye. Mu Lusaka malungo ndi ochepa, ndiye amene wakhala m'tauni zaka zambiri alibe chitetezo cha thupi ngati wa kuchigwa. Gonani m'neti ndipo kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza ulendo usanayambe. Akakupatsani doxycycline dziwani kuti amachititsa khungu kupsa msanga padzuwa, saperekedwa kwa oyembekezera kapena ana osakwana zaka 8, ndipo amamwedwabe milungu inayi mutabwerako. Thupi likatentha m'masabata oyamba mutafika kunyumba, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, ndipo muwauze a chipatala kumene munali.