Momwe mungakonzere mfuti ya gogodera nyengo yosaka agwape isanafike ku America

M'zigawo zambiri za ku America, boma limapatula masiku oti alenje asake agwape ndi mfuti zothirira onga kukamwa, zija kwathu timati gogodera. Ku Pennsylvania nyengo ya mfuti za flintlock, gogodera zimene zimayatsa onga ndi mwala wothetheka moto wotchedwa flint, imatsegulidwa Khirisimasi ikangodutsa, kunja kuli chisanu. Mfuti yotereyi chipolopolo chake ndi chimodzi basi. Ikakana kulira gwape ali patsogolo, ndiye kuti mwagwa nayo. Choncho ntchito yeniyeni imagwiridwa kunyumba.

Yambani ndi kutsimikiza kuti mfutiyo mulibe kanthu. Lowetsani ndodo yotsenderera mumpope mpaka pansi, mulembe mzere pamene yalekezera. Tsiku lothira onga ndi chipolopolo mudzalembenso wina. Mizere iwiriyi ndi imene imateteza munthu kuti asathire onga kawiri.

Kenako tsukani, ndipo apa musapupulume. Onga wakuda amasiya mwaye umene umakoka chinyontho, dzimbiri n'kuyamba kudya chitsulo msangamsanga. Gwiritsani ntchito madzi ofunda ndi sopo, muzisinthasintha tinsanza mpaka kena katuluke koyera. Umitsani bwinobwino, mupake mafuta pang'ono. Koma tsiku lokasaka pukutaninso mafutawo, chifukwa akanyowetsa onga mfuti siilira. Kabowo kodutsira moto kazibuleni ndi kawaya, ndipo mwala wa flint ukhale wakuthwa, womangidwa zolimba.

Onga muziyeza ndi kachoyezera kake, osathira kuchokera m'botolo mwachindunji, chifukwa kamoto kotsalira mumpope kangaphulitse botolo lonse m'manja mwanu. Onga wa zipolopolo zamakono, uja wopanda utsi, asalowe m'gogodera wamba ngakhale pang'ono: mpope umang'ambika. Tsenderani chipolopolo mpaka chikhale pa onga, pasatsale mpata.

Tsopano pitani kumalo oyeserera kuwombera. Ikani chandamale pa mayadi 50, mukonze poyang'anira pogwiritsa ntchito muyezo wa onga ndi mtundu wa chipolopolo womwewo umene mudzapite nawo kutchire. Izi n'zofunikanso kwa gwapeyo. Nyama yolasidwa molakwika imakafera kutali ikuvutika, ndipo mlenje wabwino salola zimenezo. Mfuti ikapanda kulira, musaisuzumire. Ilozeni komweko kwa mphindi yathunthu, poti nthawi zina moto umachedwa kugwira.

 

Pomaliza gulani layisensi ndi kuwerenga malamulo a chigawo chanu a chaka chimenecho, chifukwa masiku osaka, mtundu wa mfuti yololedwa ndi lamulo la chovala chowala cha mtundu wa olenji zimasiyana malo ndi malo.