Kusankha ndi Kuyendetsa Pikapu Yakale ya Magiya Apamanja

Pikapu zambiri zakale zatha zaka zikunyamula njerwa, chimanga ndi anthu a matola, ndipo kutopa kwake kumaonekera kunsi, osati pa penti. Pokagula, pitani ndi makaniko wanu m'mamawa injini isanalizidwe, mugwade ndi tochi n'kuyang'ana chasisi, makamaka pamene pagwira masipuling'i akumbuyo. Mukapeza dzimbiri lofumbutuka kapena zigamba zowotcherera, isiyeni ngakhale mtengo utakoma chotani.

Toyota Hilux ya injini ya mtundu wa 3L kapena 5L, Isuzu KB ya 4JA1 ndi Nissan Hardbody ya TD27 n'zabwino kuyambira, poti amakaniko ambiri amazidziwa ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza. Pa Hilux funsani za lamba wa timing, yemwe amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse ndipo akaduka amawononga mavalavu. Utsi wabuluu umasonyeza kuti injini ikudya oyilo. Poyesa kilachi, ikani giya 4 mukuyenda pang'onopang'ono n'kuponda moto. Injini ikangolira koma liwiro osawonjezeka, kilachiyo yatha. Musalipire musanafananize nambala ya pachasisi ndi ya mu blue book.

Ponyamuka, tulutsani kilachi pang'onopang'ono mpaka galimoto itayamba kukoka, kenaka chotsanipo phazi lonse, chifukwa chizolowezi chotsamiritsa phazi pamenepo n'chimene chimapsereza kilachi. Pachitunda gwiritsani handibuleki ndipo muimasule pokhapokha mwamva kuti galimoto ikufuna kupita kutsogolo.

Potsetsereka m'pamene dalaivala amadziwika. Potsika Thabwa kulowera ku Chikwawa, kapena pa Chiweta, lowani giya 2 kapena 3 musanayambe mtsetse, kuti injini izigwira galimoto, mabuleki azingothandizira. Ena amachotsa giya poti apulumutse dizilo, koma kumeneko n'kusewera ndi moyo: pikapu yodzaza matumba ikamatsika ndi mabuleki okha, mabulekiwo amatentha, amayamba kununkha, kenaka amasiya kugwira muli pakati pa makona.

Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, choncho mvula ikagwa chepetsani liwiro musanafike pokhota. Ngati ndi ya 4x4, tsekani ma hub (maloko a pakati pa matayala akutsogolo) n'kulowetsa 4x4 musanalowe m'matope, ndipo mukabwerera pa tala wouma bwezerani ku 2H (pamene amakoka ndi matayala akumbuyo okha), kuopa kupanikiza magiya ndi kudya matayala.