Sikuta ya Magetsi ya Ovutika Kuyenda: Malangizo Oyendera Pakati pa Anthu ndi Pamseu

Werengani malangizo awa musanayendetse sikuta koyamba. Muwerengenso kabuku komwe kanabwera ndi sikuta yanu, chifukwa kulemera komwe inganyamule ndi mtunda womwe ingakwere zimasiyana malinga ndi mtundu wake. Za kuyatsa ndi kusintha mpando n'zosavuta. Apa tichedwa pa zinthu zomwe zimagwetsa anthu.

Mmene sikuta imaimira

Masikuta ambiri alibe buleki yoponda ndi phazi. Pachiwongolero pali kachogwirira kopendekeka komwe mumakankha ndi chala: mbali imodzi sikuta ipita kutsogolo, mbali inayo ibwerera m'mbuyo. Mukakasiya, mota (injini ya magetsi) imachepetsa liwiro yokha, kenako buleki ya maginito imagwira ndipo mumamva kaphokoso kang'ono kumbuyo. Ndiye kuti kuima n'kungomasula dzanja basi. Vuto n'lakuti munthu akadzidzimuka, dzanja limafinya m'malo momasula, ndipo sikuta imalumphira pa chinthu chomwe amafuna kuchipewa. Pezani malo afulati opanda anthu, muike liwiro lotsika kwambiri, mubwereze kunyamuka ndi kumasula mpaka dzanja lizolowere. Pa kabatani kozungulira ka liwiro nthawi zambiri pamakhala chithunzi cha kamba ndi cha kalulu. Yambirani pa kamba.

Musazimitse ndi kiyi sikuta ikuyenda, pokhapokha ngati kachogwirira kakanirira. Buleki imagwira mwadzidzidzi ndipo mukhoza kugwera kutsogolo. Koma pokwera ndi potsika, zimitsani nthawi zonse. Malaya, chikwama kapena chigongono chikakhudza kachogwirira mwendo umodzi uli pansi, sikuta inyamuka. Onaninso kuti mpando wadzitseka utayang'ana kutsogolo.

Kandodo ka freewheel

Kumbuyo, pafupi ndi tayala, pali kandodo kakang'ono, kawirikawiri ka mutu wachikasu kapena wofiira. Ntchito yake n'kumasula buleki kuti munthu athe kukankha sikuta ndi manja. Kakakhala pa freewheel, kutanthauza kuti kali komasula, sikuta ilibe buleki ngakhale pang'ono. Musakhale pampando kandodoka kali komasula, ndipo musakakhudze sikuta ili pamtunda kapena potsetsereka, ngakhale patakhala munthu wamphamvu woigwira. Sikuta yaikulu ikhoza kulemera makilogalamu oposa 100 yopanda munthu. Ikayamba kutsetsereka, manja awiri sangaibweze.

Achibale akakankha sikuta kuti asese kapena aisunthe, nthawi zambiri amaiwala kubwezera kandodoka. Mukayatsa n'kumva sikuta ikulira mobwerezabwereza koma osayenda, yambani mwaona pamenepo musanaitane makanika. Zimitsani, bwezerani kandodo, kenako yatsaninso.

Pakati pa oyenda pansi

Ku Britain, malamulo a pamseu amagawa masikuta m'magulu. A Class 2 sapitirira makilomita pafupifupi 6 pa ola ndipo ndi oyendera m'njira za anthu oyenda pansi. A Class 3 amafika makilomita pafupifupi 13 pa ola, amaloledwa pamseu, amalembetsedwa ku DVLA (ofesi ya boma yolembetsa mamotoka), ndipo woyendetsa ayenera kukhala wa zaka 14 kapena kuposa. Ngakhale sikuta ya Class 3, ikalowa m'njira ya oyenda pansi, lamulo limati itsike pa makilomita 6 pa ola, ndipo n'chifukwa chake ili ndi kabatani kosinthira liwiro la pamseu ndi la pakati pa anthu. Kulikonse komwe muli, malire amenewa ndi anzeru kuwatsata. Munthu wathanzi amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, choncho pa 6 mwayamba kale kupitirira anthu. Pakhomo la sitolo, pamalo okwerera basi kapena pomwe pali ana, tsikani kuposa pamenepo.

Oyenda pansi ndiwo oyamba kupatsidwa mpata. Kumbukirani kuti sikuta ilibe phokoso. Munthu wosamva, wosaona bwino, kapena amene watseka makutu ndi nyimbo sadziwa kuti muli kumbuyo kwake, ndipo akhoza kupatukira mbali yomwe mukudutsira. Chepetsani liwiro muli patali, lankhulani mwaulemu kuti “zikomo, ndidutseko,” ndipo dikirani mpaka atakuonani. Hutala ilipo, koma kuiliza pamsana pa nkhalamba kumangoidzidzimutsa. Chomwe chimavulala kwambiri ndi akakolo ndi zidendene, chifukwa bampala ya sikuta ili pa msinkhu umenewo.

Pakona ya nyumba pomwe simukuona za kuseri, patukani pang'ono kuchoka kukhoma. Poimika, musatseke khomo, potsikira njinga za olumala kapena njira yopapatiza, ndipo chotsani kiyi.

Mitunda, masitepe a m'mbali mwa mseu, ndi makona

Opanga ambiri amalola mtunda wa madigiri 6 mpaka 10, malinga ndi kukula kwa sikuta. Kwerani molunjika, tsikani molunjika. Musadutse chopingasa pamalo opendekeka, ndipo musatembenuke muli pakati pa mtunda, chifukwa apa m'pomwe sikuta imagwera chammbali, makamaka ya matayala atatu. Ya matayala atatu imakhota bwino m'nyumba, koma panja siikhazikika ngati ya anayi. Pokwera weramirani kutsogolo pang'ono. Potsika ikani liwiro pa kamba musanayambe kutsika, osati muli kale pakati.

Pochoka m'njira ya oyenda pansi kulowa mumseu, funani pomwe simenti anaitsitsa, ngakhale pakhale patali. Ngati palibe, yang'anizanani ndi sitepeyo mwachindunji kuti matayala onse akutsogolo atsike kapena akwere nthawi imodzi, ndipo musayese sitepe yoposa msinkhu wolembedwa m'kabuku. Timatayala tiwiri ta kumbuyo kwenikweni timateteza kuti sikuta isagwe chagada. Musatichotse, ngakhale nthawi zina timakodwa pa sitepe n'kusiya matayala oyendetsa ali m'malere. Zikwama zolemera musazipachike pachiwongolero kapena kumsana kwa mpando, ndipo musanyamule munthu wina, ngakhale mdzukulu wamng'ono pamiyendo.

Pamseu

Apa zinthu zatembenuka: inu ndinu wamng'ono, wamfupi ndiponso wochedwa. Woyendetsa lole kapena basi sakuonani mukakhala pambali pake kapena pafupi kwambiri kutsogolo kwake, choncho musalowe pakati pa motoka yaikulu ndi mphepete mwa mseu pamene ikufuna kukhota. Ngati njira ya oyenda pansi ilipo ndipo ndi yabwino, igwiritseni ntchito. Mukakhala pamseu yendani mbali yomwe mamotoka akulowera, mverani maloboti ndi zikwangwani, ndipo onetsani ndi indiketa musanakhote. Indiketa ya sikuta nthawi zambiri sizima yokha, ndiye muziizimitsa mukakhota. Usiku yatsani nyali zakutsogolo ndi zakumbuyo, valani chovala chonyezimira. Kambendera kautali kumbuyo kamathandiza kuti muoneke pakati pa mamotoka oimikidwa. Ku Britain masikuta saloledwa m'misewu ikuluikulu ya liwiro yotchedwa motorway kapena m'mizere ya mabasi, ndipo amalangiza kuti woyendetsa athe kuwerenga nambala ya motoka ali pa mtunda wa mamita 12.3.

Kukhota kodutsa mizere ya mamotoka ena ndiko koopsa kwambiri. Musaime pakati pa mphambano kudikira mpata. Pitani m'mbali, tsitsani liwiro, muwoloke pamalo owolokera anthu. Musanawoloke yang'anani kutsidya ngati kuli pokwerera, kuti musakapezeke muli mumseu mukusowa potulukira. Mankhwala ena a ululu, a tulo kapena a chimfine amachititsa tulo ndi kuchedwetsa dzanja, chimodzimodzi mowa. Tsiku limenelo sikuta ikhale kunyumba.

Mabatire ndi madzi

Masikuta ambiri amayendera mabatire awiri a mavoti 12 olumikizidwa kuti apereke 24. Atchajeni tsiku lililonse mukagwiritsa ntchito sikuta, kwa maola 8 mpaka 12, ndipo musamadikire kuti athe kaye, chifukwa kuwathera moto wonse kumawafupikitsa moyo. Lowetsani tchaja ku sikuta choyamba, kenako kukhoma. Gwiritsani ntchito tchaja ya sikutayo chabe, makamaka ngati mabatire ndi a lithium, ndipo musatchajire pakhomo lomwe mungathawirepo moto utabuka. Geji ya moto wa m'mabatire imanena zoona sikuta ikuyenda. Itaima imaonetsa moto wambiri kuposa womwe ulipo. Mitunda, mchenga, katundu ndi matayala ophwa zimadya moto msanga, choncho tembenukani kubwerera kunyumba geji isanafike pakati.

Pewani zithaphwi zomwe simukuona pansi pake, ndipo mvula ikayamba phimbani chiwongolero, poti m'menemo ndi momwe muli mawaya. Sikuta ikazima yokha pamtunda, mwina mota yatentha ndipo kabatani koteteza magetsi kadumpha. Zimitsani ndi kiyi, dikirani mphindi zingapo, kanikizani kabataniko, komwe kawirikawiri kamakhala pansi pa mpando pafupi ndi mabatire, kenako yatsaninso. Kakadumphanso kachiwiri tsiku lomwelo, sikuta ikaonedwe ndi makanika musanaikwerenso.